Wasankhidwa ku Zomba koma mtima uli ku India, tigulitse puloti?

Braz_wa25
Akuluakulu ndithandizeni nzeru, kwathu sikukugonedwa. Mlongo wanga wamng'ono anakhoza bwino MSCE ndipo dzina lake latuluka pa mndandanda wa NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba. Iye ankafuna Pharmacy ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo, koma wasankhidwa ku UNIMA ku Zomba kukachita zauphunzitsi wa sayansi. Chitulukireni mayina nkhope ili gwa, akuti choko sachifuna. Ndiye pali bambo wina amene amatumiza ana ku India, wabwera ndi kalata yoti mwanayu wapeza malo a Pharmacy pa yunivesite ina kumeneko, ndi sikolashipu ya theka. Akuti ife tizipereka madola 2,500 pachaka kwa zaka 4, malo ogona ndi chakudya zili momwemo. Mayi akuti tigulitse puloti imene malemu bambo anatisiyira ku Area 49. Malume akukanitsitsa. Ine ndine woyamba kubadwa, ndipo ndikudziwa kuti zikadzavuta foni yoyamba kulira idzakhala yanga. Ajentiyo akufuna dipoziti mwezi uno usanathe. Amene munadutsamo, tichite bwanji?

Dolo_wa_Limbe
Puloti musagulitse. Ndatha ine.

NaBanda_Kawale
Pepani ndi malingaliro achimwene. Ndifunse kaye, kalatayo yachokera ku yunivesiteko kapena yatuluka m'chikwama cha bamboyo? Ndipo dipozitiyo akuti muike mu akaunti ya ndani?

Braz_wa25
@NaBanda_Kawale anabwera nayo yekha, ili ndi chidindo cha sukulu. Za akaunti akuti tipereke kwa iye, iyeyo ndiye atumiza.

NaBanda_Kawale
Mmmm.

Akauntanti_BT
Achimwene, tiyambe ndi masamu, za mtima tikambe pambuyo. Inu mumalandira makwacha, fizi ya ku India ndi ya madola, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tengani madola 2,500 anuwo. Anthu anagona ali ndi ngongole ya K2.95 miliyoni, kudzuka ili K4.25 miliyoni. Mwana yemweyo, sukulu yomweyo, malipiro a kholo omwewo.

Umenewotu ndi mtengo wa ku banki, komwe mumapereka invoisi ya sukulu n'kumadikira kuti akuitanani liti. Ndalama zakunja zikasowa, monga zakhala zikusowera zaka zino, sukulu ya ku India siidikira banki yanu. Imangomuletsa mwana kulemba mayeso. Mapeto ake mumakagula pa bulaki, komwe mtengo wakhala ukuposa wa ku banki kawiri. Ndiye musatenge mtengo wa lero n'kuchulukitsa ka 4 n'kumati puloti ikwanira. Muonjezepo tikiti ya ndege, viza, ndalama ya m'thumba mwezi ndi mwezi, komanso matenda.

Ku Zomba fizi ya chaka chonse siifika madola 1,000 ngakhale pa mtengo wa ku banki, mumalipira m'makwacha, ndipo mwana angathe kupempha ngongole ku Loans Board. Wopita kunja ngongole imeneyo saiona. Zikavuta ku Zomba mumamutumizira ufa ndi nyemba pa basi. Zikavuta ku India mumutumizira chiyani?

WakuPunjab
Ine ndili kuno, chaka chachitatu, ndiye ndiyankhule zimene ndikuona. Choyamba, musamve ngati aliyense wobwera kuno wapusitsidwa. Kalendala ya sukulu imayenda, ukalowa umadziwa chaka chimene udzamalize. Pa za mankhwala dziko lino lili patali, mafakitale opanga mankhwala ndi ambiri, ndipo mankhwala ochuluka amene timamwa kwathuko amachokera konkuno.

Koma mawu oti sikolashipu ya theka musawatenge kwambiri. Mayunivesite ambiri omwe si aboma amapereka kuchotsera kotereku pafupifupi kwa mlendo aliyense, ndi njira yokopera makasitomala, ndipo ajenti amalandira yake pa mutu uliwonse umene wabweretsa. N'chifukwa chake amafulumiza. Sikolashipu yeniyeni ya boma la India ndi ya ICCR, umafunsira wekha pa intaneti ndipo imadzera ku ofesi ya kazembe wawo ku Lilongwe, palibe wopereka dipoziti kwa munthu.

Zoti chakudya chili momwemo n'zoona pa pepala. Koma ndi chakudya chawo, tsabola kuyambira m'mawa, nyama mwa apo ndi apo kapena osaiona n'komwe. Ambiri timathera kuchita lendi kunja kwa sukulu kuti tiziphika tokha, ndiye bajeti ija imasweka. Ukafika umayeneranso kulembetsa ku FRRO, ofesi yolembetsa alendo, pasanathe masiku 14, ndipo viza imayendera limodzi ndi sukulu. Ukalephera fizi, mapepala ako amasokonekeranso. Ndawaona anzathu atatsakamira, kubwerera alibe tikiti, kukhala alibe fizi.

Kabaza_Graduate
Inu mukuti Zomba Zomba, tatiuzeni akamaliza adzalowa kuti? Ine digiri yanga ya konkuno ili mu sutikesi, ndikudya za njinga yamoto. Aphunzitsi angati amaliza maphunziro n'kumadikira boma kuti liwalembe? Mwana ali ndi mwayi wotuluka, musiyeni atuluke. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ena onsewa akungokuopsezani.

Dolo_wa_Limbe
@Kabaza_Graduate mwambiwo mwaugwira chadodolido akulu. Wapamphunoyo ndi malo a ku Zomba amene ali kale m'manja. Wa ku India ndiye wapachala, wa mphepo.

Kabaza_Graduate
Kkkkk chabwino mwandipeza. Koma funso langa la ntchito simunayankhe.

Mphunzitsi_Wakale
Ndiyankhe ndine. Ndagwira choko zaka zambiri ndipo zimandiwawa kumva mwana akulira chifukwa wasankhidwa kukaphunzira uphunzitsi, ngati wapatsidwa chilango. Amene wachita Education Science amaphunzira Chemistry, Biology, Physics kapena masamu mozama ndithu, kuphatikiza luso lophunzitsa. Mwa aphunzitsi onse, a sayansi ndiwo amasowa kwambiri m'masekondale, aboma ndi omwe si aboma. Ndipo digiri siimanga munthu pa bolodi. Amene tinaphunzira nawo ena ali m'mabanki, ena m'mabungwe, ena anapitiriza mpaka udokotala wa maphunziro ndipo akuphunzitsa m'mayunivesite. Sindikunena kuti malipiro a mphunzitsi ndi abwino, ayi, ndi ochepa ndipo timadandaula tsiku ndi tsiku. Koma mwana wa zaka 18 asaone ngati moyo wake watsekeredwa m'kalasi.

Kunena za ntchito, @Kabaza_Graduate, kodi wobwera ndi digiri ya ku India amapeza ntchito ikumudikira pa bwalo la ndege? Amadzalowa pa mzere womwewo, kusiyana kwake n'koti kwawo puloti kulibenso.

MwanaWaPoly
Vuto ndi Chanco imeneyo, ndikunena UNIMA ya ku Zombayo. Akanasankhidwa ku Poly sakanalira.

Chikanda_Landlord
Poly yake iti? Munasintha dzina mu 2021 muli MUBAS tsopano, dzina loti UNIMA linatsalira ife eni ake ku Zomba kkkk

MwanaWaPoly
Dzina tengani, mainjiniya tili nawo ndife.

Admin_Gulu
Abale, za Poly ndi Chanco muli ndi malo ake Loweruka. Munthu wafunsa za mlongo wake.

Wamankhwala_LL
Ine ndimagwira ntchito ya mankhwala, ndiye pali chinthu chimodzi chimene sichinatchulidwe. Pharmacy si digiri yongolandira n'kuyamba ntchito. Kuti munthu agwire ntchitoyi m'Malawi muno ayenera kulembetsedwa ndi PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala ndi ogwira ntchito zamankhwala. Pepala lochokera kunja limayamba launikidwa, ndipo a NCHE ndi amene amaona ngati sukulu ndi digiri yakunjayo n'zovomerezeka. Chimodzimodzi madokotala ku Medical Council. Ndiye musanapereke ngakhale tambala, tengani dzina lenileni la yunivesiteyo ndi la pulogalamuyo, mupite nazo ku maofesi awiriwa mukafunse. Ku India komweko onani ngati sukuluyo ili pa mndandanda wa UGC, bungwe loyang'anira mayunivesite kumeneko, chifukwa bungwe limenelo limatulutsanso mayina a mayunivesite abodza, komanso ngati pulogalamuyo ndi yovomerezedwa ndi Pharmacy Council of India. Zonsezi zili pa intaneti, simufunika ajenti.

Kenako lemberani yunivesiteyo nokha, pa imelo yomwe ili pa tsamba lawo osati imene ili pa kalata ya bamboyo, muwafunse ngati akumudziwa mlongo wanu. Fizi imapita mu akaunti ya sukulu basi. Munthu akamati ndipatseni ine nditumiza, pamenepo imani kaye.

Sindikunyoza maphunziro a ku India. Ndagwirapo ntchito ndi anthu ophunzira kumeneko odziwa zinthu kwambiri. Koma sukulu za kumeneko n'zambirimbiri, zina zapamwamba, zina ndi mashopu ogulitsa mapepala.

Bingu_Woyee
Mukuiwala kuti Bingu wa Mutharika anaphunzira ku India? Kamuzu anaphunzira ku America ndi ku Scotland. Akanamvera anthu ngati inu bwenzi ali ndani?

Akauntanti_BT
@Bingu_Woyee Bingu anali pa University of Delhi, yunivesite ya boma yodziwika dziko lonse lapansi. Komanso nthawi ya Kamuzu kwathu kuno kunalibe yunivesite, University of Malawi inatsegulidwa mu 1965, College of Medicine mu 1991. Iwo ankapita kunja chifukwa kunalibe kwina kopita. Lero aboma okha alipo asanu ndi limodzi: UNIMA, MUBAS, KUHeS, MZUNI, LUANAR ndi MUST.

Kabaza_Graduate
Asanu ndi limodzi koma malo ake angati? Ana okhoza bwino amatsala chaka ndi chaka. Ndipo musabise za kutsekatseka. Mu 2011 Chanco inakhala miyezi yambiri osaphunzitsa pa nkhani ija ya ufulu wa aphunzitsi. Kumene ndinaphunzira ine digiri ya zaka 4 inatitengera nthawi yoposa pamenepo chifukwa cha sitalaka, lero aphunzitsi, mawa ana asukulu. Hositelo osakwanira, timagona anayi m'kachipinda kobwereka kunja kwa kampasi, magetsi akazima kuwerengera tochi ya foni. M'kalasi ukachedwa umaima pa windo. Zotchipa zili ndi mtengo wake.

Mphunzitsi_Wakale
Zimenezo palibe akutsutsa mwana wanga. Koma taona, mfundo yako yoyamba ikugwetsa yachiwiri. Ngati malo ndi osowa chonchi, wopeza malo awataye?

Namwino_Leeds
Ndilowepo ndili kuno ku UK. Ine digiri yoyamba ndinachita kwathu, kunja ndinabwera nditagwira kale ntchito. Langizo langa kwa aliyense amene kwawo si olemera ndi lomweli: yoyamba chitirani kunyumba, yachiwiri anthu ena akulipirireni. Masikolashipu enieni ambiri ali pa masitazi. Chevening ya boma la UK imalipira zonse, imafuna digiri ndi zaka 2 za ntchito, ndipo ukamaliza umabwerera kwanu kwa zaka 2. Pali Commonwealth, pali Beit Trust imene imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, pali ya boma la Ireland. Mpikisano ndi waukulu, koma amene wakhoza bwino digiri yoyamba ali ndi poyambira, ndipo palibe puloti yogulitsidwa.

Enanso amaganiza kuti mwana akangofika kunja azidzilipirira yekha ndi maganyu. Kuno wophunzira amaloledwa maola 20 okha pa sabata nthawi ya sukulu, ndalama yake imathera lendi. Ku India ndiye viza ya sukulu si yogwirira ntchito. @WakuPunjab ndikunama?

WakuPunjab
Simukunama achemwali. Kuno ganyu iwalani, zonse zimachokera kunyumba.

Joni_Boy
Bwanji osayesa ku South Africa? Pali pangano la SADC la 1997 loti ana a m'chigawo chino azilipira fizi ngati eni dziko, umangoonjezera kandalama ka alendo. Komanso ndi pa basi, maliro akagwa umafika.

Namwino_Leeds
@Joni_Boy fizi ya eni dziko ya ku Joni ndi ya ma rand, si yochepa kwa wolandira makwacha. Viza yawo imafunanso medical aid ya konko. Ndipo MSCE yokha nthawi zambiri siikulowetsa digiri kumeneko, amafuna A-Level kapena zina zoonjezera.

Mai_Awiri
Ine nkhani za maajenti zimandinyansa. Mwana wa mchemwali wanga anatumizidwa ku Northern Cyprus, anauzidwa kuti ndi ku Ulaya, ntchito zili mbwee, azidzilipirira yekha. Kufika kumeneko anapeza kuti ndi dera limene dziko la Turkey lokha ndi lomwe limalivomereza ngati dziko, ntchito kulibe, lendi ikufunika ya ndalama zakunja. Anabwerako wopanda pepala, minibasi ya bambo ake itapita. Amene anamutumizayo mpaka lero amayenda pa galimoto yabwino m'tauni muno ndipo kutchalitchi amakhala kutsogolo. Kumbukiraninso ana a mu Africa amene anali ku Ukraine nkhondo itayamba mu February 2022, ena atatsala pang'ono kumaliza udokotala. Kunja kuli zambiri zimene kholo silingazigwire.

Ndipo uyu ndi mtsikana wa zaka zochepa, sanayambe wakhalapo kutali ndi mayi ake. Ine ndinene zoona, sindingagone.

Chikanda_Landlord
Za utsikanazo ayi mayi, atsikana ambiri akuphunzira kunja bwinobwino. Ku Zomba komweko mukuganiza kuti kulibe mayesero? Ine ndimawaona.

Mai_Awiri
Alipo, koma ku Zomba ndikhoza kukwera basi m'mawa, madzulo ndamukoka khutu.

Wazamalamulo_265
Ndikhudzeko za puloti. Mwati anasiya ndi malemu bambo anu. Ngati sanasiye wilo, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mayi anu ndi ana onse, osati mwana mmodzi. Muli angati m'banjamo? Ngati pali ena ang'onoang'ono amene akali pa sukulu, gawo lawo lili momwemo. Mukagulitsa chifukwa cha mmodzi, mudzawauza chiyani enawo ikadzafika nthawi yawo? Malume pa lamulo alibe gawo pa puloti ya mlamu wawo, koma pa nkhani iyi akuona patali.

Braz_wa25
Tilipo anayi. Pambuyo pa iyeyu pali mnyamata ali Fomu 2.

Malume_Ake
Ndiye mwayankha nokha. Ndipo inu a malamulo musatichepetse eni mbumba, mwana akadzatsakamira ku India adzaitana ife amalume kuti tisonkhe kkkk

Dolo_wa_Limbe
Kusonkha kwake kwa amalume timakudziwa, K5,000 ndi malangizo a maola awiri.

MwiniNkhani
Moni nonse. Ine ndine mlongo wake wa @Braz_wa25, wandionetsa zonse mwalembazi ndiye ndalowa kuti ndiyankhulepo ndekha, chifukwa aliyense akukamba za ine koma palibe wandifunsa.

Sindinanene kuti puloti igulitsidwe. Amayi ndi amene anayamba zimenezo atandiona ndikulira, ndipo bambo aja anabwera kudzera kwa mnzawo wa amayi wa kumpingo. Za India ine ndinangosangalala chifukwa munali mawu oti Pharmacy. A @Mphunzitsi_Wakale pepani, sindinyoza uphunzitsi, amene anandiphunzitsa Chemistry ndimawalemekeza kwambiri. Koma chimene ndakhala ndikufuna kuyambira Fomu 1 ndi za mankhwala, nthawi imene bambo ankadwala ndine ndinkawawerengera mapilitsi. Mukamati ndikachite masitazi pambuyo pake, masitazi ya Chemistry siindisandutsa wa Pharmacy. A @Wamankhwala_LL ndikunama?

Ndiye ndili ndi funso lina. Ku Malawi College of Health Sciences kuli dipuloma ya Pharmacy. Nditati ndichite imeneyo, ndigwire ntchito, kenako ndidzalowe digiri ngati mature entry, pali cholakwika? Ndi konkuno, ndi makwacha, puloti ikhala.

Wamankhwala_LL
Sukunama mwana wanga, kuti ulembetsedwe ngati pharmacist pamafunika digiri ya Pharmacy yeniyeniyo. Njira ukunenayo ilipo ndipo ndikudziwa anthu amene anaidutsa, anayamba ngati ma technician m'zipatala kenako n'kukweza maphunziro. Koma ndikuuze mosabisa, ndi yaitali. Dipuloma zaka zake, ntchito zaka zake, kenako upikisane malo a mature entry omwe ndi ochepa, ndipo fizi yake imakhala yokwera kuposa ya olowa kuchokera ku sekondale. Pakati pamenepo moyo umalowerera, banja, ana, kuthandiza kunyumba. Ena amafika, ena amakhazikika pa dipuloma. Ubwino wake ukhala ukugwira ntchito imene umaikonda kuyambira pachiyambi.

Akauntanti_BT
Kusiya digiri ya UNIMA n'kukayamba dipuloma? Ine ayi. Pa sikelo ya malipiro m'boma wa digiri ndi wa dipuloma salowa pa giredi imodzi. Tenga digiri ili m'manjayi, za mankhwala udzaziona uli ndi poponda.

Namwino_Leeds
@Akauntanti_BT apa ndiye tisiyana. Anamwino ambiri amene ndikuwadziwa anayambira pansi n'kumakwera. Munthu wochita chimene akufuna amalimbikira mosiyana ndi wongokankhidwa. Zaka 4 ndi zambiri kukhala m'kalasi imene mtima wako suli.

Mphunzitsi_Wakale
Mwana wanga, ndakumva ndipo sindinakhumudwe. Mphunzitsi wokakamizidwa amazunza ana, ndawaona. Koma usakane malo a ku Zomba usanagwire kalata ya malo enawo m'manja. Funsa kaye ngati akulandira makalata ofunsira malo, fizi yake, ndi tsiku lotsegulira, uyerekeze ndi tsiku limene ukufunika kukalembetsa ku Zomba. Usatsale pakati.

Kabaza_Graduate
Ine ndikadali pa mawu anga, mwayi wotuluka ukapezeka woona atuluke. Ayese ICCR ija chaka chamawa ali ku Zomba komweko, saluza kanthu.

WakuPunjab
Imeneyo ndiye nzeru. Ukafuna ndidzakuonetsa mmene amalembera, ulere.

Braz_wa25
Zikomo nonse. Ndalembera yunivesite ija pa imelo ya pa tsamba lawo monga ananenera a @Wamankhwala_LL, ndikudikira yankho. Bambo aja ndawauza kuti dipoziti tidzaika mu akaunti ya sukulu tikamva kuchokera ku NCHE ndi ku PMRA. Ayankha kuti malo atha Lachisanu ndipo tikuchedwetsa mwana. Amayi sakundiyankhula chiyambire dzulo, akuti ndawachititsa manyazi kwa mnzawo wa kumpingo. Lolemba ndikupita ndi mlongo wangayu ku College of Health Sciences kukafunsa za dipuloma ija.

NaBanda_Kawale
Lachisanu likadutsa mudzatiuze ngati malowo athadi.

Chikanda_Landlord
Ndipo mukasankha Zomba mundiuze msanga, zipinda zoyandikira kampasi zimatha sukulu isanatsegulidwe. Cha atsikana chatsala chimodzi, madzi ndi a pampopi wapanja.

Admin_Gulu
@Chikanda_Landlord malonda ku inbox chonde.